Bwana Wosapereka Tchuthi

Lidali tsiku Lachinayi m'mwezi wa February, nyengo imene mvula siipatsa munthu mpata woyanika chovala ndipo udzudzu umaswana m'chithaphwi chilichonse, pamene Gogo Nachisale a ku Linthipe, m'boma la Dedza, adatsika minibasi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, atasenza kathumba ka mtedza ndi mtolo wa mpungabwi, chifukwa mbiri idawapeza kumudzi yakuti mwana wa mdzukulu wawo Tadala watentha thupi. Tadalayo ndi mayi wophunzira, amene adatsiriza maphunziro a zamalonda ku Polytechnic mumzinda wa Blantyre sukuluyo isanasinthe dzina m'chaka cha 2021, ndipo atayendayenda m'maofesi ndi makalata ake osapeza womulemba, adagula uvuni nayamba kuphika makeke pakhomo pake. Agogowo adamupeza ataima pakati pa khitchini, mwana kumsana, foni paphewa, manja ali mbuu ndi fulawa. Ndipo atatha malonje, amene Tadala adawadula pakati, zokamba zawo zidayenda motere.

AGOGO: Mkazi mnzanga, chikhalireni pansi pano ndaona kuti m'nyumba muno muli odwala atatu, amene iwe ukuwathamangira mosinthanasinthana. Woyamba ndi chitsulo chakuda chili pangodyacho, chimene ukuchisuzumira m'kamwa kawirikawiri. Wachiwiri ndi kagalasi kako kolira, kamene kakangoti kwii, iwe mtima uli m'mwamba. Ndipo wachitatu, amene aoneka kuti ndiye wochepa ulemu mwa onsewo, ndi amuna angawa ali kumsana kwako. Tandiuza, wodwalitsa ndi uti, kuti ndidziwe woyamba kumupepesa?

TADALA: Agogo, musandiseke lero, mutu sukugwira. Mphatso anayamba kutentha thupi Lachiwiri usiku, ndipo dzulo m'mawa ndinapita naye kuchipatala, kumene anamubaya kachala nayeza magazi, mizere n'kutuluka iwiri, kusonyeza kuti ndi malungo. Anandipatsa LA ndi panado, ndipo akumwa. Koma Loweruka likudzali kuli chinkhoswe ku Area 18, ndipo ine ndinalonjeza keke ya nsanjika zitatu pamodzi ndi timakeke 150. Eni ake anapereka kale theka la ndalama monga chikole. Ndalamayo ndinagulira fulawa, shuga, mazira ndi majarini, yotsala inathera kabaza ndi mkaka wa mwana. Bambo a Mphatso ali ku Beira ndi thanki, kudikira mafuta, ndipo tsiku lobwera salidziwa. Ndikaleka kuphika ndabera anthu; ndikati ndiphike, mwana akulira.

AGOGO: Pepa, pepa ndithu. Koma nkhani yotere siivuta pakati pa anthu olemekezana. Vala nsapato, upite kwa bwana wako, ukagwade pakhomo, ukanene kuti mwana wadwala. Ndipo ngati bwanayo adabadwa mwa mkazi monga tonsefe, adzakuuza kuti pita ukadwazike.

TADALA: Ine ndilibe bwana, Agogo, ndinakuuzani chaka chatha. Bizinesiyi ndi yanga.

AGOGO: Ndiye kuti bwana ndiwe?

TADALA: Eya, ndine.

AGOGO: Nanga wantchito?

TADALA: Ndinenso. Wophika ndine, wolemba mabuku a ndalama ndine, wotsuka mathini ndine, woyankha makasitomala ndine.

AGOGO: Ha! Pamenepo ndiye chisoni chandigwira chenicheni. Ine m'moyo uno ndamva za mabwana ambiri: akapitawo a m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndiponso mzungu wa kumgodi amene agogo ako aamuna ankamutukwana kutulo mpaka tsiku limene adatisiya, koma bwana wosalola mayi kukhala pansi ndi mwana wodwala, wogwiritsa ntchito usiku, wosalipira mwezi ukatha, wogona bulangete limodzi ndi wantchito wake kuti amudzutse tambala woyamba asanalire, ameneyu ngakhale Farao akadamuitanira pambali namulangiza. Kodi boma lilibe lamulo lomangira munthu wotere?

TADALA: Lamulo la ntchito lilipo, la m'chaka cha 2000. Limanena kuti wolembedwa ntchito amene watha chaka pamalopo, akadwala, dokotala n'kuchitira umboni, apume milungu 4 akulandira malipiro onse, ndi milungu ina 8 akulandira theka. Koma limakamba za kudwala kwa wantchito mwini wake, ndipo ife odzilemba tokha silitidziwa n'komwe. Tsiku limene sindiyatsa uvuni, m'nyumba muno simulowa tambala.

Pano ndiyenera kuikapo mawu anga, pakuti ndamva kawirikawiri anthu a mataye akulangiza amayi achitsikana kuti geni ya pakhomo ndiyo yabwino popeza munthu amakhala pafupi ndi ana ake; ndipo onenawo amaiwala, kapena sadadziwepo, kuti kukhala pafupi ndi mwana ndi kukhala ndi manja omunyamulira ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndi kuti mayi wa muofesi akatseka chitseko cha ofesi wasiya ntchito kumbuyo, pamene mnzake wa pakhomo ntchito imamulondola kufikira kuchipinda chogona.

AGOGO: Tammasula ndimuone. Bwerani kuno, amuna anga, mwandiiwala kodi? Ii, thupi lili juu! Tsono iwe, ndikufunse monga mkulu, ndipo usandibisire: amuna akowa, poyenda misewu yaitali imeneyi, kodi akudzisunga? Pakuti kwathu mwana akatentha chonchi, akulu sankayamba ndi kuyang'ana mwanayo ayi. Ankayang'ana bambo wake m'maso, nafunsanso amene adathira mchere m'ndiwo. Tsempho siliseka ndi munthu.

TADALA: Agogo! Bambo a Mphatso asiyeni. Ndanena kuti anamuyeza magazi. Malungo amadza ndi udzudzu, ndipo si udzudzu uliwonse, koma waukazi, wa mtundu wina woluma usiku, umene umatenga tizilombo kwa wodwala n'kukatisiya m'magazi a wina.

AGOGO: Waukazi! Ndimadziwa ine kuti pankhaniyi pali mkazi penapake.

TADALA: Mukundisokoneza muyeso wa shuga.

AGOGO: Chabwino, ndaleka. Ndabwera ndi mpungabwi, ndipo ndili ndi kamuzu kena pamfundo ya chitenje, kamene tikakanyika m'madzi ofunda…

TADALA: Mpungabwiwo tifukiza madzulo kuti udzudzu uthawe, ndipo ndathokoza, koma m'kamwa mwa mwanayu mulowa za kuchipatala zokha. Pa sikelo analemera makilogalamu 13, choncho amamwa m'bulu umodzi wa LA m'mawa ndi wina madzulo, masiku 3, kumwa ka 6 konse, ndipo ayenera kutsiriza ngakhale mawa atadzuka n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku za eni.

AGOGO: Ndiwone. Timibulu tachikasu totere? Ife tidali ndi kolorokwini, wowawa kufikira m'makutu, woyabwitsa thupi usiku wonse, ndipo munthu pomwa ankadziwa kuti m'mimbamo mwalowa msilikali. Mankhwala osawawa, mdzukulu wanga, ine sindiwakhulupirira.

TADALA: Msilikali wanuyo anakalamba, Agogo, tizilombo tinamuzolowera, ana n'kumamwalira atamumwa. N'chifukwa chake m'chaka cha 1993 dziko lathu linakhala loyamba mu Africa muno kumusiya ndi kuyamba Fansidar. Ndipo Fansidar nayenso atafooka, m'chaka cha 2007 boma linabweretsa LA. Chimene chikundisautsa n'chakuti mankhwalawa salowa bwino m'thupi popanda chakudya chamafuta kapena mkaka, ndipo mwanayu mkaka waukana kuyambira m'mawa.

AGOGO: Wati chakudya chamafuta?

TADALA: Eya.

AGOGO: Monga phala la mgaiwa lothira nsinjiro?

TADALA: Mtedza uli ndi mafuta ambiri, inde, limenelo lingathandize.

AGOGO: Ambuye alemekezeke! Ndiye kuti asing'anga a chizungu adawoloka nyanja, nawerenga mabuku kufikira kuyera mutu, kuti potsiriza pake adzagwade pa phala langa la nsinjiro, limene ine ndidaliphunzira kwa mayi anga osalipira fizi. Uli nawo mtondo?

TADALA: Ndili ndi makina ogayira, koma magetsi athima, uvuniwu ndi wa gasi, n'chifukwa chake ukuyakabe.

AGOGO: Nyumba ya madigiri, yopanda mtondo. Bweretsa botolo ndi thabwa, ndipera ndi manja. Koma tandiuza, namwino sadakuchenjeze kanthu?

TADALA: Anandichenjeza. Anati mwana akayamba kukomoka, kapena kusanza chilichonse chimene wadya, kapena kukana kumwa ngakhale madzi, kapena kugona osadzutsika, ndisadikire kuti kuche, ndithamange naye. Pamenepo uvuni ndiuzimitsa ngakhale keke ili m'kati.

Agogo adakhala chete kanthawi, akuswa mtedza, ndipo atayankhula mawu awo adali atasintha.

AGOGO: Mawu amenewo uwasunge. Mayi ako si woyamba kubadwa. Asanabadwe iye padali mnyamata, amene adatentha thupi nyengo ngati inoyi, ndipo pamene adayamba kugwedezeka ndi kutembenuza maso, ife tidati ndi mizimu, tidataya usiku wonse tikufukiza ndi kutemera. M'mawa ndidamubereka kulunjika ku Nkhoma wapansi, koma chipatala sadachione. Masiku amenewo manda a ana ankachuluka kuposa a akulu, ndipo mayi wofunsidwa kuti ali ndi ana angati ankayankha kawiri, amoyo ndi ogona.

TADALA: Mayi sanandiuzepo zimenezi.

AGOGO: Akadakuuza bwanji zimene sadazione?

TADALA: Kusukulu tinawerenga kuti kafukufuku wa m'chaka cha 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanakwane zaka 5, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Ndinaloweza manambalawo chifukwa cha mayeso. Sindinadziwe kuti malume anga akanawerengedwa nawo.

AGOGO: Tsono kamuzu kanga ndakabweza pamfundo pake, timibulu tako tipitirire. Koma za mankhwala wandiposa, za malonda sunandipose, pakuti ine geni ndidaiyamba iwe usanalotedwe. Agogo ako aamuna adapita ku Joni ndi Wenela mayi ako ali m'mimba, ndipo ndalama zawo zinkabwera mwa apo ndi apo, kufikira chaka cha 1974, pamene ndege idagwa ku Francistown ndi kupha amuna athu ochuluka, Kamuzu naletsa ulendowo. Zaka zonsezo, ukuganiza kuti sopo, mchere ndi palafini zinkagwa kumwamba ngati mana? Ine ndinkafulula.

TADALA: Mumafulula mowa, Agogo? Inu a Chigwirizano, a bulauzi yoyera?

AGOGO: Ndani wanena mowa? Thobwa.

TADALA: Mayi amati anthu ankachoka kwanu akuimba ndi kugwera m'mizere ya fodya.

AGOGO: Linali thobwa, koma popeza nyumba yathu idali yofunda, ndipo makasitomala ena ankachedwa kubwera, nthawi zina thobwalo linkagona masiku anayi kapena asanu m'mbiya, ndipo chimene linkachita m'menemo usiku, ine monga mkhristu sindinkachifunsa. Akulu a mpingo adandiitana kawiri. Ulendo wachiwiri mmodzi wa iwo adatsalira kuti alawe umboni. Koma usandichotse pankhani. Kufulula si ntchito ya tsiku limodzi: umanyika chimanga, umachifundika kuti chimere, umayanika chimera, umasinja, umaphika phala m'migolo, ndipo ukayamba sungaimire pakati, chifukwa zonse zimasasa, mpamba n'kuthera pomwepo. Kodi ukuyesa kuti ana anga ankayang'ana kaye ngati mbiya zili pamoto asanadwale? Mayi ako adagwidwa chikuku tsiku lenileni losefa.

TADALA: Ndiye munatani?

AGOGO: Ndidakhala m'nyumba ndi mwana, chitseko chotseka. Mng'ono wanga adasefa, mayi anga aang'ono adasonkhezera moto, mlamu wanga adatunga madzi, ndipo mkazi wa a mfumu, amene naye ankafulula ndipo tinkalimbirana makasitomala chaka chonse, ndiye adakhala pambiya nagulitsa, madzulo nandibweretsera ndalama zonse m'kansalu, osachotsapo ngakhale tambala imodzi, ngakhale ndikukhulupirira kuti zipanda ziwiri adamwa. Mwezi wotsatira mwana wake atathyoka mwendo, pambiya pake padakhala ine. Mutu umodzi susenza denga, mdzukulu wanga. Ndipo ife tinkalima dima, khasu la mudzi wonse m'munda umodzi, tisanamve kuti kuli sukulu yophunzitsa malonda. Tsono iwe mbumba yako ili kuti?

TADALA: Kuno ndi kutauni, Agogo. Mng'ono wanga ali ku Mzuzu, mayi ali kumudzi ndi inu, ndipo mtsikana wantchito ndinalephera kumulipira chigwereni kwacha mu November 2023, pamene anaitsitsa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse, fulawa ndi majarini n'kukwera ngati zamera mapiko. Aliyense kuno ali mumpanda mwake.

AGOGO: Mpandawo ndauona, wa njerwa, wa magalasi osweka pamwamba, ndipo ndagogoda pageti kufikira chala kuwawa. Udaumanga kuti utsekereze akuba, koma ndikuona kuti watsekereza ndi athandizi omwe. Nanga fungo la mandasi likubwera kuseriku ndi la yani?

TADALA: Ndi amake Yankho. Amaphika mandasi ndi zigumu, ndipo chaka chino ayambanso timakeke, pa uvuni wa makala. Amenewo ndi opikisana nawo, Agogo. Tinaphunzira kuti chinsinsi cha kaphikidwe ndicho chuma cha bizinesi. Ndikawaonetsa muyeso wanga, mawa makasitomala anga onse ali kwawo.

AGOGO: Chinsinsi chake n'chiyani?

TADALA: Sindinganene.

AGOGO: Fulawa, shuga, mazira, majarini, ndi timadzi tonunkhira ta m'kabotolo ako kabulauniko, timene wathira kasupuni kamodzi ndi theka pamene umayesa kuti ine ndikuyang'ana kudenga. Ngati nkhalamba ya ng'ala m'diso limodzi yaba chinsinsi chako isanamwe ndi madzi omwe, ukuganiza kuti mnzakoyo, amene amanunkhiza utsi wako tsiku ndi tsiku, akuchisowa? Kodi mumapatsana moni?

TADALA: Timapatsana. Tili limodzi m'banki m'khonde.

AGOGO: Ndalama mumasungitsana m'bokosi limodzi la maloko atatu, koma thini ya keke simungabwerekane! Nzeru za kusukuluzi n'zozama ndithu, ine sindingazifike pansi. Tamvera: keke yaikuluyo, ya nsanjikayo, ndiyo ya dzina lako, ndipo uiphike wekha mawa mwana akagona, timakeke 150 tija upatse amake Yankho, pamodzi ndi fulawa wake ndi muyeso wake, phindu la timeneto mugawane pakati. Udya theka, koma ugona. Ndipo tsiku limene Yankho adzatentha thupi, pakuti adzatentha, udzadya theka la iwo. Kupatsa n'kuika.

TADALA: Phindu lake ndi lochepa kale, Agogo. Ndikaligawa pakati, m'buku mwanga mulowa manambala ofiira.

AGOGO: Nanga ukagwa nawo malungo iweyo Lamlungu, chifukwa chosagona usiku utatu, m'bukumo mulowa manambala a mtundu wanji? Mkazi wamasiye wa ku Zarefati adali ndi ufa wosatha ndi mafuta osaphwa, komabe mwana wake atadwala sadathamangire kumbiya. Adadandaulira mneneri. Iwe mneneri ulibe, uli ndi amake Yankho. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

TADALA: Ngakhale nditavomera, pali vuto lina. Mwini chinkhoswe anati timakeke tifike mawa madzulo, ndipo sitingathe kufika mawa. Waimba kanayi, ine osayankha. Ndalemba pa WhatsApp kuti zonse zili bwino.

AGOGO: Zili bwino?

TADALA: Ndi mmene timayankhira makasitomala. Ndikanena kuti mwana akudwala, aganiza kuti sindine wodalirika, kapena aopa kuti matenda alowa m'keke. Chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anthu amaopa chakudya chochokera m'nyumba ya wodwala, ndipo sindiwadzudzula. Malungo sayenda m'chakudya, koma si onse adziwa. Ine ndimasamba m'manja ndi sopo ndikangomugwira mwana, ndipo inunso, Agogo, musakhudze mathini musanasambe.

AGOGO: Kusamba ndisamba, ngakhale manja awa adadyetsa mudzi wonse osapha munthu. Koma bodza lakolo ndilo lidzakugwetsa, pakuti munthu wouzidwa zoona lero amakwiya pang'ono nakonza njira ina, pamene wonamizidwa kufikira Loweruka amakwiya pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo dzina lako lidzatchulidwa pa chinkhoswe chimenecho kuposa la mkwati. Taona, kagalasi kako kayambanso kulira. Ndi yemweyo?

TADALA: Ndi yemweyo. Agogo, musa… Agogo, bwezani foni!

AGOGO: Ukanikiza pati? Apa pobiriwirapa? Haloo! Inde, mayi, muli bwanji? Ine ndili bwino, kaya inu anzathu? Kunyumba adzuka bwanji? Ana? Bambo? Mvula ikugwa bwanji kumeneko? Ayi, kuno yatipeza ndithu. Amene mukuyankhula nayeyu ndi gogo wake wa Tadala, Nachisale, wochokera ku Linthipe… Ati? Kwanu ndi kwa Kasumbu? Ha, ndiye ndinu mwana wathu! Mfunda wanu ndani? Naphiri! Mayi anga aakulu adakwatiwa kwa a Phiri a kumeneko. Tikafufuza bwino mupezeka kuti keke imeneyi mukugula kwa mchemwali wanu wa bambo wina.

TADALA: Agogo, nenani za timakeke.

AGOGO: Khala chete, akulu akuyankhula. Tsono mayi, ndisakubisireni, pakhomo pano pagwa matenda: kamwana kagwidwa malungo, kakumwa mankhwala, ndipo kayamba kutsegula maso. Mdzukulu wangayu adachita manyazi kukuuzani, poopa kuti mumuyesa wosalongosoka, pakuti ana a sukulu amayesa kuti kudwazika ndi mlandu… Eya, mwanena zoona, amene sadadwazikepo ndiye sadabereke. Wanu adagonekedwa chaka chatha? Pepani, pepani. Ndiye tipangane chonchi: keke yaikulu ifika Loweruka m'mawa monga mudapanganirana, yosapendekeka; timakeke tifika limodzi ndi keke, osati mawa… Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma ndifunse, pa chinkhoswe chimenechi anthu a kumudzi amwa chiyani? Zamabotolo zokhazokha? Mayi, ankhoswe a kuchimuna akuchokera kuti? Ku Ntcheu! Angoni, muwapatse Fanta? Adzanena kuti mtsikanayo akuchokera kubanja losadziwa alendo. Ayi, musadandaule, ilipo nkhalamba pano yodziwa thobwa la mawere… Ndowa ziwiri? Zitatu. Mtengo tikambirana, ndife pachibale. Tsalani bwino, mupereke moni kwa onse.

TADALA: Agogo, mwachita chiyani?

AGOGO: Ndakugulira usiku wathunthu ndi mawu okhaokha, ndipo ndatsegula nthambi.

TADALA: Mwalandira oda ya ndowa zitatu m'nyumba imene tikulephera oda imodzi! Chimera muchipeza kuti pofika Loweruka?

AGOGO: Pamsika wa Nsungwi ndaona amayi akugulitsa chimera cha mawere chogayagaya, pamene minibasi idaima kutsitsa munthu wa nkhuku; ndidafunsa ndi mtengo womwe, pakuti wamalonda sadutsa pamsika maso ali m'thumba. Ndiphika mawa masana pambaula panja, amuna angawa ali kumsana kwanga, iwe uli ndi nsanjika zako. Lidzagona usiku umodzi wokha, ndipo lidzafika pa chinkhoswe lili lachikhristu.

TADALA: Nanga mpamba wake?

AGOGO: Undibwereka.

TADALA: Ndilibe ndalama m'manja, zonse zili mufoni, ku Airtel Money ndi ku Mpamba.

AGOGO: Ndalama yosaoneka nkhope ine sindiidziwa. Upite kwa mnyamata wa kaambulera pamsewupo, ukatulutse zapepala, za nkhope ya Chilembwe kapena ya Kamuzu, zoti munthu n'kumanga pamfundo. Ndipo popita udzere kwa amake Yankho. Usatume kagalasi, upite ndi miyendo yako, ukagwade, ukanene kuti wapanikizika. Mawu amenewo sadaphepo munthu, ngakhale wa digiri.

TADALA: Ndipita. Koma popeza mwalowa m'bizinesi, Agogo, tiyenera kulemba. Mbaula ndi yanga, makala ndi anga, ndowa ndi zanga, kasitomala ndi wanga. Pa ndowa iliyonse ya thobwa ndidzatengapo gawo limodzi mwa magawo 10.

AGOGO: Chakhumi! Wasanduka mpingo tsopano? Chabwino, lemba, sindikana, malonda ndi malonda. Koma utsegule tsamba lina, ulembenso izi: kulera mwana wodwala, usana ndi usiku, masiku 3, phala la nsinjiro, mtedza wake wochokera ku Linthipe, pamodzi ndi thiransipoti yake, kuyankhula ndi kasitomala wokwiya mpaka kumusandutsa mbale, ndi uphungu wa zamalonda, umene ku Blantyre udaulipira zaka 4 koma osaumva. Uwerengere pamtengo wa mumzinda, osati wa kumudzi.

TADALA: Mukatero ndiye kuti ine ndikhala ndi ngongole kwa inu.

AGOGO: Yaikulu. Koma ndine munthu wachifundo, sindichita katapila. Udzabweza pang'onopang'ono, kuyambira ndi kapu ya tiyi wamkaka, shuga masupuni atatu, ndi kakeke kamodzi mwa timene tapserera m'mbalito, pakuti pamene iwe umandiwerengera chakhumi, wodwala wako woyamba uja wayamba kutulutsa utsi.

TADALA: Mayo, keke yanga!

AGOGO: Imeneyonso ulembe kwa bwana wako.